Kutopa kwa anamwino: zoyenera kuchita tulo tisanatilakwitse pa wodwala

Palibe mkulu wa wodi amene angalole namwino wonunkha mowa kugwira jakisoni. Koma namwino amene sanagone timamulola, mwinanso kumuyamikira kuti ndi wolimba. M'chaka cha 1997, akatswiri awiri a ku Australia, Drew Dawson ndi Kathryn Reid, anaonetsa kuti munthu akakhala maso kwa maola 17, manja ndi maso ake zimachedwa ndi kuphonya mofanana ndi munthu amene ali ndi mowa wa 0.05% m'magazi, ndipo akafika maola 24 zimafanana ndi 0.10%. Tawerengani nokha. Mayi amene wadzuka 5 koloko m'mawa kukonzekeretsa ana a sukulu, n'kulowa turno (nthawi yake ya ntchito) ya usiku osagonako masana, maola 17 aja amakwana 10 koloko usiku, ntchito itangoyamba kumene. Ku America nakonso, kafukufuku wa Ann Rogers ndi anzake wa mu 2004 anatsatira anamwino 393, n'kupeza kuti amene anagwira maola 12 ndi theka kapena kupitirira ankalakwitsa pafupifupi katatu kuposa amene anagwira maola ochepa.

Kuno ku Tete anamwino ndi ochepa, izi tonse tikuzidziwa, ndipo malangizo awa sabweretsa namwino watsopano ngakhale mmodzi. Ndikulembera anthu amene alipo kale: a m'mawodi akuluakulu a mu mzinda, a ku Ulóngue, Songo ndi Mutarara, komanso namwino wa SMI (wa zaumoyo wa amayi ndi ana) wa kumudzi ku Tsangano, Macanga kapena Chifunde amene nyumba yake ili kuseri kwa chipinda chochilira, woti aliyense amadziwa zenera logogoda. Mfundo yanga ndi yakuti kutopa sikuthetsedwa ndi kulimba mtima. Kumachepetsedwa papepala la escala (ndandanda ya masiku ndi maola a ntchito) ndi pa timalamulo ting'onoting'ono timene gulu lonse lagwirizana.

Yambani ndi escala

Musanasinthe kalikonse, a chefe a wodi, tengani kope n'kulemba kwa mwezi umodzi maola enieni amene aliyense wagwira. Osati amene alembedwa pakhoma ayi, koma enieni: nthawi imene munthu analowa, imene anatulukadi, ndi masiku amene anagwirira mnzake. Escala ya pakhoma imaoneka yabwino nthawi zonse. Zoopsa zimabisala m'kusinthana kwa pakamwa, pamene wina wauza mnzake kuti, "Achemwali, ndigwirireniko lero, ndidzakubwezerani Lachisanu," ndiye mnzakeyo, poopa kuoneka wouma mtima, walumikiza masana ndi usiku.

Mukaona chithunzi chenicheni, konzani zinthu izi. Matembenuzidwe a turno aziyenda chamtsogolo: m'mawa, kenako masana, kenako usiku, kenako kupuma. Thupi limavomera msanga kugona mochedwerako kusiyana ndi kukakamizidwa kugona mofulumira. Pakati pa kutuluka ndi kulowanso pazikhala maola osachepera 11. Nambala imeneyi ndi imene malamulo a ntchito a mayiko a ku Ulaya amagwiritsa ntchito, ndipo ili ndi nzeru yake: mukachotsapo ulendo wa pa chapa, kuphika, kusamba ndi kuona ana, otsala ndi maola 7 amene munthu wamkulu amafunika kugona. Namwino wotuluka usiku n'kulowanso m'mawa wake sagona mokwanira ngakhale atayesetsa bwanji. Mausiku otsatizana asapitirire atatu, ndipo ngati turno ya usiku kwanuko ndi ya maola 12, awiri ndi abwino koposa. Pambuyo pake munthu apeze mausiku awiri ogona pakama pake. Tsiku lotuluka m'mawa lija musaliwerenge ngati folga, tsiku lopuma. Limenelo ndi tsiku lobweza tulo.

Kusinthana musakuletse, chifukwa moyo wathu sulola. Koma kuzidzera kwa a chefe ndi kulembedwa, ndipo funso lizikhala limodzi: wolandira turnoyo agona liti?

Pali zinthu zina za kwathu kuno zimene mabuku a kunja sazidziwa, ndipo escala iyenera kuzidziwa. Maliro ndi chimodzi. Namwino amene wachezera pa siwa usiku wonse akuimba ndi amayi anzake, m'mawa n'kupita kumanda, sangalowe usiku womwewo ngati kuti wachokera kogona. Asamachite manyazi kunena, ndipo asamapatsidwe mlandu. China ndi munda. Ku Angónia ndi ku Tsangano anamwino ambiri amalima chimanga, mbatatesi kapena soya, ndipo mvula ikagwa mu November ndi December, tsiku lopuma limathera kumunda. Mu mzinda wa Tete ndi ku Moatize nkhani ndi ntchito yachiwiri kuchipatala kapena kufamasi ya eni, kapenanso sukulu ya madzulo. Sindikuweruza aliyense, malipiro tikuwadziwa. Koma mkulu wa wodi amene sakudziwa kuti namwino wake wachokera ku ntchito ina akupanga escala ali m'chimbulimbuli. Funsani mwaulemu, kumbali, ndipo mukauzidwa musakagwiritse ntchito mawuwo pomulanga munthu, apo ayi sadzakuuzaninso. Mlimi wa ku Angónia samanga ng'ombe zomwezo pangolo usana ndi usiku, ngakhale katundu atachuluka chotani, chifukwa akudziwa kuti mawa azifunanso.

Onaninso kalendala. Kuyambira January mpaka April malungo amadzaza wodi ya ana, ndipo ndi nyengo yomweyo imene kolera amabuka, monga tinaonera mu 2023. Tchuthi cha pachaka chigawidwe moti miyezi imeneyi isapeze wodi ili ndi anthu ochepa. Escala ya mwezi wotsatira izituluka kukadali masabata awiri, kuti anthu akonze za ana ndi za kunyumba.

Kugona masana kumafuna kukonzekera

Tsiku loyamba la usiku, gonani masana kwa ola limodzi ndi theka kapena awiri, nkhomaliro ikangotha. Ambiri amanyalanyaza tulo timeneti chifukwa m'mawa anadzuka bwinobwino, koma nditimene timadula maola 17 aja.

Mukatuluka m'mawa, idyani kanthu kopepuka, sambani, gonani msanga. Musayambe mwachapa kapena kupita kumsika. Mumzinda wa Tete, mu October ndi November, kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo chipinda cha malata chikafika 11 koloko sichigoneka. Choncho maola a m'mawa ndi amtengo wapatali. Tchingani zenera ndi kapulana wakuda kapena katoni, nyowetsani nsalu n'kuifunda kumiyendo kapena kuipachika kutsogolo kwa fani, ikani madzi akumwa pafupi. Ngati tulo tadukira masana, dzukani, chitani zina, mudzagonenso madzulo musananyamuke. Kugona kawiri kuli bwino kusiyana ndi kudzigwetsagwetsa pakama.

Chovuta kwambiri si kutentha koma anthu. Pamudzi, munthu wogona dzuwa lili pamutu amaoneka waulesi kapena wodwala, ndipo nyumba ya namwino ndi chipatala chachiwiri: wina abwera ndi mwana wotentha thupi, wina ndi pepala la mankhwala kuti mumuwerengere. Khalani pansi ndi a m'nyumba mwanu, amuna anu kapena akazi anu, apongozi ngati mukhala nawo, muwauze momveka kuti kuyambira ola lakuti mpaka lakuti simudzutsidwa pokhapokha pali ngozi. Pakhale munthu woyankha "odi" pakhomo. Mwana wamkulu angathe kuphunzitsidwa kunena kuti, "Amayi agwira usiku, adzuka 2 koloko; ngati zavuta pitani kuchipatala." Foni ikhale chete, kusiya nambala ya ku wodi yokha.

Musamwe mowa kuti mugone, ndipo musatenge mapiritsi ogonetsa a diazepam m'kabati. Mowa umagonetsa msanga koma tulo take n'todukaduka, ndipo mapiritsiwo amazolowereka.

Mkati mwa turno ya usiku

Mukangolandira wodi, gwirizanani nthawi yopuma n'kuilemba: wakuti apuma 1 koloko, wakuti 2 koloko. Kupumako kukhale kugona kwenikweni kwa mphindi 20, alamu itatcheredwa, pamalo odziwika kuti mnzanu akakupezeni. Ndikudziwa kuti m'zipatala zambiri kugona pa ntchito ndi mlandu. Koma anthu amagonabe, mobisa, atatsamira pa tebulo, onse nthawi imodzi, popanda woyang'ana odwala. Kugona kogwirizana, mmodzimmodzi, n'kotetezeka kuposa kumeneko, ndipo a chefe ayenera kukuvomereza poyera, akuluakulu a chipatala akudziwa. Musapitirire mphindi 30, chifukwa mukalowa m'tulo tofa nato mumadzuka mutu uli zii. Ngakhale mwagona pang'ono, mphindi 15 zoyamba musasakanize mankhwala. Sukusulani, yendani m'wodi, onani madiripi, kenako muyambe zowerengera.

Khofi kapena tiyi wamphamvu amathandiza kumayambiriro kwa usiku. Koma theka la mphamvu yake limakhalabe m'thupi patatha maola pafupifupi asanu, choncho kapu ya 5 koloko m'mawa idzakulandani tulo ta kunyumba. Lekezani cha m'ma 2 koloko. Zakumwa za m'zitini zija zopatsa mphamvu n'chimodzimodzi, kuwonjezapo shuga wambiri. Nsima yambiri pakati pa usiku imalemeretsa maso. Idyani mokhuta musananyamuke kunyumba, ndipo usiku muzingotola pang'onopang'ono: nthochi, mtedza, mbatata yophika, phala. Imwani madzi. Patebulo la anamwino ndi pokonzera mankhwala pakhale powala kwambiri, ngakhale m'wodi mwazimitsidwa kuti odwala agone, ndipo tochi yotchajidwa izikhala pamalo amodzi odziwika.

Kuyambira 2 koloko mpaka 5 koloko

Apa ndi pamene thupi limatsikira pansi penipeni. Kutentha kwa thupi kumatsika, maganizo amachedwa, ndipo munthu angathe kugona kwa timasekondi tochepa maso ali otsegula, iye osadziwa. Ntchito iliyonse yofuna masamu imene ingathe kuchitika nthawiyi isanakwane, ichitike.

Titenge chitsanzo cha artesunate, amene timabaya ana a malungo aakulu pa ola loyamba, pakatha maola 12, ndi pakatha maola 24. Mwana wolandiridwa 3 koloko masana, jakisoni wake wachiwiri agwa 3 koloko ya usiku, nthawi yoipitsitsa ija. Mwanayo akulemera makilogalamu 14. Poti sanafike 20, muyezo wake ndi 3 mg pa kilogalamu, osati 2.4 ya akuluakulu, ndiye kuti 42 mg. Kabotolo ka 60 mg kamasungunulidwa ndi 1 ml ya bicarbonate, n'kugwedezedwa mpaka kayere. Ngati mukubaya mumtsempha mumawonjezera 5 ml ya saline, ndipo 1 ml iliyonse imakhala ndi 10 mg. Mwanayo afunika 4.2 ml. Ngati mukubaya mumnofu mumawonjezera 2 ml yokha, 1 ml iliyonse n'kukhala ndi 20 mg. Taonani malo amene mutu wotopa ungapunthwe: kuiwala kuti mwana sanafike makilogalamu 20, kapena kusungunula ngati wa mumnofu n'kukoka mlingo wa mumtsempha, zimene zingamupatse mwana muyezo wowirikiza kawiri. Palinso kalembedwe kathu ka Chipwitikizi, kamene timalemba 4,2 ndi kakoma. Cholembera chikafooka, kakomako sikaoneka, ndipo 4,2 amaoneka ngati 42.

Mankhwalawa sasungunuliratu, chifukwa akasakanizidwa ayenera kubayidwa lisanathe ola. Koma masamu ake angathe kuchitika 9 koloko madzulo, mutu ukadali bwino. Lembani pakhadi la mwanayo kulemera kwake, ma mg, ma ml, njira yobayira ndi ola, mnzanu awerengere payekha osaona yankho lanu, kenako mufananize. Ikakwana 3 koloko, ntchito yanu ndi kuwerenga zimene zalembedwa, kuyang'ana pepala la m'bokosi la mankhwala kuti kasungunulidwe ndi komweko, ndi kufunsa mayi dzina la mwana. Musanene kuti, "Uyu ndi wakuti eti?" chifukwa mayi wotopa amangovomera. Funsani kuti, "Amayi, mwanayu dzina lake ndani?"

Chitani chimodzimodzi ndi insulin, potassium chloride, oxytocin wa m'diripi ndi magnesium sulphate. Kwa mayi amene akulandira magnesium sulphate, musanabwereze muyezo onani zinthu zitatu izi, ndipo muzilembe m'malo mongoziganizira: akupuma kosachepera ka 16 pa mphindi, bondo likudumpha mukaligogoda, mkodzo ukutuluka wosachepera 30 ml pa ola. Calcium gluconate, wothetsa mphamvu ya magnesium sulphate ikachuluka m'thupi, akhale pafupi, pamalo amene mwawaona ndi maso anu usiku womwewo.

Nanga amene ali yekha? Kuzipatala zazing'ono za kumudzi mnzanu wofananiza naye kulibe. Werengani mokweza mawu dzina la mankhwala, mphamvu yake ndi tsiku lotha ntchito, chala chili pa kabotolo. Wothandiza pa wodi angathe kukuwerengerani zimene munalemba inu mukukoka. Ngati netiweki ilipo, gwirizanani ndi namwino wa chipatala choyandikana nacho kuti muziimbirana pa mankhwala oopsawa, osatchula dzina la wodwala.

Singano nazonso zimabaya anthu otopa. Musabwezere chivindikiro pa singano, ndipo bokosi lotayiramo likhale pofikira dzanja musanayambe kubaya. Mukadzibaya, tsukani ndi sopo ndi madzi, nenani nthawi yomweyo. Mankhwala oteteza ku HIV amagwira bwino akayambidwa m'maola oyambirira, kuyamba kwake kusapitirire maola 72, ndipo amamwedwa masiku 28. Musadikire kuti kuche.

Kunena kuti "ndatopa"

Zizindikiro zake n'zodziwika: kuwerenga mzere umodzi katatu, kuyasamula kosalekeza, kufika pa kabati n'kuiwala chimene mwadzera, kukalipira wodikirira wodwala pa nkhani yaing'ono, mutu kugwa. Vuto ndi lakuti wotopa sadziona bwino. Amene amaona ndi mnzake. Gwirizanani pa msonkhano wa wodi kuti aliyense, ngakhale wophunzira wochokera ku Instituto de Ciências de Saúde, ali ndi ufulu wouza wamkulu kuti, "Amayi, maso afiira, kapumeniko pang'ono, ine ndiyang'ana." Wouzidwayo asakwiye.

Munthu akanena kuti watopa, a chefe kapena wamkulu wa turno achitepo kanthu kooneka: amupumitse mphindi 20, amuchotse pa mankhwala n'kumuika pa ntchito yoyenda ndi yosawerengera, kapena aitane wina ngati alipo. Mukamuyankha kuti tonse tatopa, mwatseka pakamwa pa wodi yonse.

Pakhalenso kope lolembamo zolakwika ndi zimene zinatsala pang'ono kulakwika, popanda dzina la munthu: ola, chimene chinachitika, maola amene munthuyo anali atagwira, ndi usiku wachingati. Kope limeneli lisakhale la milandu.

Kupatsirana wodi ndi ulendo wa kunyumba

Wotuluka m'mawa ndi munthu wotopa kwambiri m'chipatala chonse, ndipo ndi amene akupereka uthenga. Asadalire mutu. Pa wodwala aliyense wodetsa nkhawa alembe zinthu zinayi: chimene chikuchitika pano, chimene anabwerera, chimene inu mukuona kuti chikuvuta, ndi chimene chiyenera kuchitika pa ola lanji. Patsiranani pambali pa bedi, wolandira abwereze mokweza. Ndipo inu a m'mawa, fikani pa nthawi yake. Mphindi 40 zimene mwachedwa mwazichotsa pa tulo ta mnzanu.

Ngozi ina imadikira panja pa geti. Njinga yamoto pa msewu wa EN7, pakati pa magalimoto akuluakulu opita ku Moatize ndi ku Zóbuè, kapena pa msewu wa Mussacama kupita ku Ulóngue, si malo a munthu amene akusinza. Ngati maso akulemera, gonani mphindi 20 kuchipatala komweko musananyamuke, kapena siyani njingayo mukwere chapa. Kutsegula galasi la chipewa kuti mphepo ikuwombeni sikuchotsa tulo.

Kutopa kosatha ngakhale mwagona

Ngati mwapuma masiku angapo koma thupi likadali lolemera, musangoti ndi ntchito. Anamwino timayeza ena tsiku lililonse, ife osayezetsa. Yezetsani magazi ngati ali okwanira, malungo, shuga, kuthamanga kwa magazi, HIV, ndipo ngati pali chifuwa, kutuluka thukuta usiku kapena kuonda, chifuwa chachikulu, chimene ogwira ntchito m'mawodi amachitenga mosavuta kuposa anthu ena. Ngati a kunyumba akuti mumaliza mkonono kwambiri n'kumadukiza kupuma, uzani dokotala. Ngati mwayamba kusamva chisoni ndi odwala, kulira popanda chifukwa, kapena kuopa m'mawa uliwonse wa ntchito, kaonaneni ndi a zaumoyo wa maganizo. Amenewo ndi matenda ngati ena onse.

Pakatha miyezi itatu, a chefe, tengani makope awiri aja, la maola enieni ndi la zolakwika, muwaike pamodzi. Onani maola amene zolakwika zimachuluka, ndi anthu angati amene analumikiza turno ziwiri. Zimenezo ndi zimene mupite nazo kwa mkulu wa chipatala ndi ku SDSMAS, ofesi ya zaumoyo ya boma lanu, popempha namwino wowonjezera, kachipinda kopumira kokhala ndi bedi ndi neti, kapena kusintha ola limene mankhwala ena amaperekedwa. Pitani ndi pempho limodzi kapena awiri olembedwa, ndi manambala a wodi yanu pansi pake, ndipo mufunse tsiku lodzamva yankho.